Mitengo ya Disembala, mbuzi za Okutobala

Caka ciliconse mwezi wa Disembala ukangolowa, timapepala ta zidziwitso timayamba kufika ku wailesi. Akusukulu aitana makolo, akuchalichi aitana akhristu awo, a komiti ya pakiliniki nawonso akuti bwerani ndi makasu tidzabzale mitengo. Timawerenga zonsezi mokondwa, pakuti 15 Disembala ndilo tsiku limene dziko la Zambia limatsegulira nyengo yobzala mitengo, ndipo anthu amapitadi. Koma kapepala kamene sikafika ku wailesi ndi ka mwezi wa Okutobala, konena kuti pa mbande 300 zija zatsala zingati. Aliyense woyenda pansi kuno kwa Mlolo adziwa yankho lake: timaenje touma m'mbali mwa bwalo la mpira, ndi mbuzi itaima capafupi ikubzikula.

Sitikunyoza tsikulo ayi. Koma tikatsata mbiri ya kuno kum'mawa kucokera kwa makolo mpaka ku malamulo a lero, cinthu cimodzi cimabwera mobwereza-bwereza. Mtengo wa pagulu umapulumuka kapena kufa m'cilimwe, pakati pa Juni ndi Novembala, ndipo amene anakwanitsa kusunga mitengo ndi okhawo amene anali ndi munthu ndi lamulo la miyezi imeneyo.

Munthu woyenda pa mseu wocokera ku Katete kupita ku Chanida, kumalire athu ndi Mozambique, akaponya maso m'mbali nthawi ya cilimwe aona minda yoyera mbee, kenaka apo ndi apo kagulu ka mitengo italiitali yothithikana ngati nkhwangwa inaiiwala. Mlendo amafunsa kuti kodi ndi pulojekiti iti inabzala pamenepo. Ife tidziwa kuti amenewo ndi manda, ndipo palibe anabzalapo. Mitengo ya mombo, mtondo, msolo, muwanga ndi mlombwa imene inatha kale m'minda yozungulira, kumanda ikalipo, ina ikuluikulu yoti munthu mmodzi sangaizungulire ndi manja.

Cimene casunga misitu imeneyi si mantha a mizimu okha, ngakhale manthawo alipo. Manda ali ndi eni ake odziwika, anyakwawa ndi akulu a mbumba zimene zimaika pamenepo. Ali ndi malire amene ngakhale mwana wa giredi 1 akhoza kuloza. Nkhwangwa imalowamo pa maliro cabe, m'manja mwa adzukulu, ndipo nkhuni yakugwa yokha mai aliyense amaidutsa ngakhale kunyumba moto utazima. M'midzi yambiri dambwe lili pafupi pomwepo. Za kumeneko sizolemba pa intaneti, koma tinganene cabe kuti malo okhala ndi alonda otere salowamo munthu wamba ndi macisa m'thumba.

Palinso nchito ya manja. Anthu akatha kukolola, udzu utayamba kufiira, anyakwawa amamema mudzi kuti ukalambule kumanda. Amuna amapala mkwasa waukulu kuzungulira msitu wonse kuti moto wolusa ukafika uime, amai amabwera ndi thobwa. Palibe alawansi, palibe sikipa yolembedwa dzina la bungwe, palibe wojambula zithunzi. Wojomba popanda cifukwa amalipa nkhuku, koma cilango ceniceni aliyense acidziwa: tsiku limene zovuta zidzagwa pakhomo pake, anthu adzabwera mokoka miyendo. Ngati tifuna gulu loyamba la anthu odzipereka kusamala nkhalango ya pamudzi kuno kwathu, ndi limeneli. Silinabzalepo mtengo ngakhale umodzi, ndipo nchito yake yonse ndi ya m'cilimwe.

M'minda namonso munali mitengo yosadula. Wotsegula mphanje anali kusiya msuku, muula, mteme ndi mkuyu, pakuti mwana aliyense wodutsa anali ndi ufulu wotola zipatso zake, ndipo m'miyezi ya njala masuku anali kugwira mimba za mudzi wonse.

Zinthu zinasokonekera pamene nthaka inalowa m'mapepala. Mu 1895 kampani ya North Charterland Exploration Company inapatsidwa dera la masikweya mailosi 10,000 kuno kum'mawa kwa Luangwa, ndipo Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa kuciyambi kwa 1898 panalibenso woletsa. Azungu anatsegula mafamu a fodya kuzungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, fodya wake wowamba ndi nkhuni m'mabani. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malo amene linawacha marizevu ndi kukankhiramo Acewa, Angoni ndi Ansenga, kuti nthaka yotsalayo idikire azungu ena, amene ambiri a iwo sanabwere n'komwe. Ulimi wa makolo unali wodalira kugoneka munda: ukaguga unali kuusiya zaka zambiri kuti thengo libwerere, kenaka adzukulu ako adzautsegulenso. M'marizevu munalibe malo ogonekera munda. Anthu anadula mpaka m'mapiri ndi m'mphepete mwa mitsinje, nthaka inayamba kukokoloka, pamene m'malo a kampani, mmene munalibe munthu, thengo linakula nkukhala mudzi wa nguluwe ndi kashembe, nchenche ija yopha ng'ombe.

Mu 1941 boma linagula malo ambiri a kampaniyo ndi kuyamba kusamutsirako anthu. Kusamukako kunabwera ndi malamulo ake, makamaka la migula yochinga madzi m'minda, ndipo wosamvera anali kutengedwa ndi kapaso kukaonekera ku khoti ya mfumu. Malangizowo pa okha sanali oipa, pakuti zigwembe zinalipodi ndipo zinali kudya minda. Vuto linali pakamwa ponena. Amene anatenga nthaka ndi kupanikiza anthu ndiye anabweranso kudzawaphunzitsa kuisamala, ali ndi faindi m'manja. Kucokera nthawi imeneyo m'mitu mwa anthu munalowa ganizo limene sitinalicotsebe mpaka lero, lakuti kusamala thengo ndi nchito ya boma, ndipo munthu wanzeru amaicita pamene kapaso akuona.

Ufulu wa 1964 sunasinthe zambiri pa mbali imeneyi. Lamulo la nkhalango la 1973 linaika umwini wa mitengo yonse m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa dziko, linagawa nkhalango zotetezedwa m'magulu awiri, za dziko ndi za m'madera, ndipo linapatsa dipatimenti ya za nkhalango mphamvu ya malaisensi ndi yogwira olakwa. Mudzi munalibe m'lamulomo, kupatula ngati malo ocokera anthu oba mitengo. Antchito a dipatimentiyo anali ocepa, mayendedwe analibe okwanira, ndipo nkhalango imene mwini wake ali ku Lusaka aliyense anaiona ngati ya amasiye. Mu 1999 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo lina lofuna kuti boma ndi midzi azisamalira nkhalango pamodzi, koma linakhala m'kabati zaka zambiri osayamba kugwira nchito mokwanira.

M'zaka zimenezi ndi mmene kubzala mitengo kunakhala mwambo wa pasukulu. Mbande zinali za bulugamu, malaina ndi keshya, mitengo yobwera imene imakula msanga ndi kumera bwino m'timacubu. Ambiri a ife tinaphunzira kuthirira mtengo ngati cibalo ca wocedwa kusukulu, kacitini m'manja, ulendo wa kucitsime. Sukulu ikatseka mu Ogasiti, kuthirira kunali kutsekanso. Koma taonani imene inapulumuka. Ndi ya kuseli kwa nyumba za aphunzitsi, ndi ya pamishoni pamene panali munthu wolembedwa kuti aziyang'anira. Ndipo pali mango. Palibe boma kapena bungwe limene linacititsa tsiku lobzala mango, koma bwinja lililonse kuno umalidziwa ndi mango ake, cifukwa mtengo uliwonse wa mango unali ndi dzina la munthu, ndipo mwini wake anali kuucingira ndi minga osadikira kuuzidwa.

Nkhondo nayonso inatiphunzitsa kanthu, ngakhale mphunzitsi wake anali wankhanza. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 nkhondo ya ku Mozambique inadumpha malire. Othawa nkhondo anadzaza m'midzi ya Chadiza, Katete ndi Petauke, mpaka boma linatsegula malo a Ukwimi mu 1987 kuti awasunthire kutali ndi malire. Zigawenga za Renamo zinali kulowa kudzaba ndi kupha, ndipo mabanja a m'midzi ya kumalire anasiya minda yawo ndi kusendera kufupi ndi mseu ndi asilikali. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Akulu amene anabwerera ku minda yakale amasimba kuti anapeza thengo lowapitirira msinkhu, pamalo pamene anasiya zitsa zokha-zokha.

Izi sizodabwitsa kwa wodziwa thengo la mombo. Citsa ca mombo kapena mtondo sicifa msanga. Mizu yake imakhala yamoyo pansi zaka zambiri, ndipo mphukira yocokera pa citsa imayamwa ndi mizu ya mtengo waukulu, pamene mbande ya m'kacubu iyenera kuyamba yokha kufunafuna madzi ndi timizu tonga ulusi. Cimene cimapha mphukira ndi moto wa mocedwa. Zimenezi zinayesedwa m'dziko lathu lomwe lino. Ku Ndola, kuyambira mu 1933, a za nkhalango anadula mapuloti m'thengo la mombo, ena osaocha konse, ena kuocha kuciyambi kwa cilimwe udzu ukali ndi cinyezi, ena kuocha caka ndi caka mu Okutobala. Katswiri wa zomera C. G. Trapnell atalemba zotsatira zake mu 1959, zinaonetsa kuti mapuloti oocha msanga anasunga mitengo yake pafupifupi mofanana ndi osaocha, koma oocha mocedwa anasanduka udzu ndi zitsamba zopirira moto. Ku Niger, dziko louma kuposa lathu, alimi a dera la Maradi anabweza mitengo mamiliyoni ambiri kuyambira m'ma 1980 mwa kungosankha mphukira ziwiri kapena zitatu pa citsa, kudulira zinazo ndi kuziteteza, pamene mapulojekiti a mbande anali atalephera.

Nthawi imene anthu wamba a kuno anabzaladi mitengo ndi mtima wawo wonse inabwera cifukwa ca njala ya fataleza. M'zaka za UNIP mlimi wa kum'mawa anazolowera cimanga ca haibulidi, fataleza wochipa ndi nkhongole. Boma litasintha mu 1991, thandizo la pa mtengo wa fataleza linacotsedwa, mabungwe obwereketsa alimi anagwa limodzi-limodzi, ndipo cilala ca 1992 cinapeza nkhokwe zili kale zopepuka. Minda imene inazolowera thumba inayamba kubala timaconco (timaconco ndi dzina limene ana anapatsa zitsononkho zopanda maso), kaufiti atafiira munda wonse.

Pa nthawiyo pa Msekera, malo ofufuzira za ulimi kufupi ndi Chipata, akatswiri a bungwe la ICRAF pamodzi ndi a boma, motsogozedwa ndi a Freddie Kwesiga a ku Uganda, anali atayamba kale kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuyesa mitengo yobweza conde m'nthaka. Funso lawo linali lapafupi: ngati makolo anali kugoneka munda zaka zambiri, kodi palibe mtengo umene ungagwire nchito yomweyo m'zaka ziwiri? Umene unapambana poyamba ndi jerejere, kamtengo kamene tinali kukaona m'madambo osakawerengera. Mizu yake ili ndi timatuza mmene mumakhala tizilombo totenga cakudya ca mbewu mumpweya, cakudya comweco cimene timagula m'thumba la yureya. Mlimi anali kufesa njere kudimba mvula isanagwe, kuokera mbande m'munda woguga motalikirana mita imodzi, kusiya zaka ziwiri, kenaka kudula. Masamba anali kutsalira m'nthaka, mitengo inali kupita kukhichini ngati nkhuni, ndipo cimanga ca pamenepo cinali kubala kuwirikiza kawiri kapena kuposa poyerekeza ndi ca m'munda wosathira kanthu, mpaka nyengo ziwiri kapena zitatu. Kaufiti nayenso anali kucepa. Pambuyo pake anaonjezapo mthuthu, nandolo ndi gilisidiya.

Cokoma m'nkhani imeneyi ndi cakuti alimi sanangolandira. Pa Msekera mbande zinali kuleredwa m'timacubu ta pulasitiki, todula kugula ndiponso tolemera kunyamula. Alimi anaona kuti jerejere wofesa pa bedi ukhoza kuzulidwa wopanda dothi, kunyamulidwa mbande zambiri m'beseni limodzi pamutu, ndi kugwira bwino lomwe ukaokedwa tsiku la mvula. Ena anakana kusiya munda caka coyamba wopanda cakudya, ndipo anabzala mitengo pakati pa cimanga. Akatswiri aja anabwera kudzaona, anayesa, anavomereza, ndipo njira za alimi ndizo zinalowa m'mabuku. Chadiza inali imodzi mwa maboma oyamba kumene njirayi inayesedwa m'minda ya anthu, pamodzi ndi Chipata, Katete ndi Petauke. Alangizi a zaulimi, mipingo, magulu a amai ndi mabungwe monga World Vision anafalitsa mbewu, koma kuphunzitsa kweni-kweni kunali kwa mlimi ndi mlimi mnzake, munthu kupalasa njinga kupita mudzi wina ndi kathumba ka njere, osalipidwa. Kucokera pa alimi owerengeka kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990, pofika kuciyambi kwa zaka za m'ma 2000 obzala anali zikwi makumi angapo m'cigawo cathu.

Apa ndi pamene mitengo yobzala inagundana ndi mwambo. Kwathu kuno anthu akatha kukolola, munda umaleka kukhala wa munthu mmodzi. Ng'ombe ndi mbuzi zimamasulidwa kudya mapesi paliponse, anyamata amaocha ziputu kuti aone mauna a mbewa, ndipo palibe mlandu, cifukwa m'munda mulibe kanthu. Tsopano m'munda munali kanthu. Mai amene anasenza mbande pamutu mu Disembala anali kupeza mu Seputembala jerejere wake atadyedwa mpaka makungwa, kapena atapsa ndi moto umene unayambira minda isanu kutali. Akapita kwa mwini ng'ombe, yankho linali lakuti, “Mai, kodi munaona kuti munthu akuweta ng'ombe m'cilimwe? Mitengo yanuyo muicingire nokha.” Ndipo malinga ndi mwambo wa nthawiyo, mwini ng'ombe sanali kunama.

Nkhaniyi inakwera mpaka kwa eni nthaka. Ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, Kalonga Gawa Undi, amene pa nthawiyo anali a Chivunga, ndi Nkhosi ya Makhosi Mpezeni anapereka malamulo awiri kudzera mwa mafumu awo: ziweto zikhale ndi mbusa ngakhale m'cilimwe, ndipo woyatsa moto wopsereza munda wa mnzake alipe. Kwa ife amenewa ndi malamulo aakulu koposa m'mbiri ya mitengo ya kuno, cifukwa anakhudza miyezi yeniyeni imene mitengo imafa, ndipo anacokera pakamwa pamene anthu amamvera. Ofufuza amene anabwera pambuyo pake kudzaona mmene akuyendera anapeza kuti la ziweto linagwirako nchito kuposa la moto. Cifukwa cake si cobisika. Ng'ombe ili ndi mwini, umaigwira m'munda ndi kuikokera kubwalo. Moto ulibe cizindikiro, ndipo mudzi wonse ukhoza kudziwa mwana amene anayatsa koma palibe amafuna kukhala mboni yotsutsa mwana wa mlongo wake. Kumene anyakwawa analimba mtima ndi kunena kuti nkhuyu zodya mwana zipota akulu, makolo nkulipa mbuzi, moto unacepa. Kumene anyakwawa anali iwo eni a khola lalikulu, lamulo la ziweto linafera pa msonkhano pomwepo. Linali ndi mtengo wakenso lamulolo: mbusa wa m'cilimwe kawiri-kawiri anali mnyamata amene anayenera kukhala m'kalasi.

Mu 2002 boma linayambanso kugawa fataleza wochipa, pulogalamu imene pambuyo pake inadzakhala FISP. Mapulojekiti a mitengo anatha nthawi yake, ogula njere analeka kubwera, ndipo jerejere anayamba kusowa m'minda. Ena anali kubzala cifukwa ca njere zogulitsa ku mabungwe, ndipo msika utatha anasiya tsiku lomwelo. Ena anatopa ndi kufesa mwatsopano zaka zitatu zilizonse, ndi tizilombo todya masamba. Umene unakhalitsa ndi gilisidiya, pakuti ukaudula umaphukanso, ndipo mabungwe monga COMACO anaupitiriza. Msangu nawonso, umene a Conservation Farming Unit anaulimbikitsa pa mitengo 100 pa hekita, uli ndi nzeru yake: umayoyola masamba nthawi ya mvula, cimanga nkukula pansi pake popanda mthunzi. Koma msangu waung'ono m'cilimwe ndiwo wokha wobiriwira m'munda wonse, ndipo mbuzi imauona ili kutali.

Lamulo limene tili nalo tsopano ndi la nkhalango la nambala 4 la 2015, pamodzi ndi malamulo ake aang'ono a mu 2018 onena za nkhalango za m'midzi. Umwini wa mitengo ukali m'manja mwa Pulezidenti, koma kwa nthawi yoyamba mudzi uli ndi khomo lolowera. Anthu akhoza kupanga gulu, kugwirizana malire a nkhalango yawo ndi midzi yoyandikana nayo, kujambula mapu, kulemba malamulo a gululo, kutenga cilolezo ca amfumu, ndi kupempha mkulu wa dipatimenti ya za nkhalango kuti awazindikire. Akasainirana pangano, gululo limakhala ndi mphamvu yoletsa wakunja kudula, yopereka zilolezo ndi kusunga ndalama zake, ndiponso yosankha anthu ake kukhala alonda ovomerezeka ndi lamulo. Pulojekiti ya ZIFLP, ya ndalama pafupifupi madola 33 miliyoni zodzera ku World Bank, inayamba mu 2018 m'cigawo cathu ca kum'mawa, ndipo mbali ina ya nchito yake inali kuthandiza magulu otere kuti alembetse. Tikaliwerenga bwino lamuloli, lapempha zinthu zimene manda akhala nazo kuyambira kale, malire odziwika, eni ake odziwika ndi cilango codziwika. Langoonjezapo sitampa.

Koma phiri si manda. Kumanda palibe amene amapezako ndalama ya sopo, pamene kuphiri kuli nkhuni za mabani a fodya, za uvuni wa njerwa, milimo ya denga, ndi makala, amene a ku Lusaka amati malasha. Pa 29 Febuluwale 2024 a Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba atacepa, magetsi anali kuzima maola ambiri pa tsiku, ndipo m'matauni ngakhale a masitovu anagula mbaula. Kumudzi cimanga cinali citapsa m'munda. Matumba a makala amene anandanda m'mbali mwa mseu caka cimeneco sanali a anthu osadziwa ubwino wa mitengo. Anali a anthu ofuna kagawo ka ufa. Gulu la nkhalango limene lamulo lake ndi “osadula” cabe lidzagwira mai wamasiye wa matumba awiri, lole ya matumba 200 nkudutsa usiku, ndipo caka cisanathe mudzi udzaliona ngati kapaso watsopano. Gulu lofuna kukhalitsa liyenera kupatula mbali yodula mosinthana, kusiya zitsa zazitali bwino kuti ziphuke, ndi kutsegulira anthu uci, bowa, masuku ndi mankhwala, kuti wosunga phiri aone cimene alikudyapo.

Conco kwa wacinyamata amene afunsa kuti ndingalowe bwanji m'nchito ya mitengo kuno kwa Mlolo, ife timati ukabzale ndithu mu Disembala, koma mbande zikhale zocepa, ndipo iliyonse ilembedwe dzina la munthu kapena la banja limene lidzaicingira ndi kuithirira sukulu ikatseka. Mbande 30 zokhala ndi eni ake ziposa 300 za tonse. Kenaka upite kwa anyakwawa mu Epulo kapena Meyi, cimanga cikali m'munda ndipo ng'ombe zikali ndi abusa, ukapemphe kuti tsiku lolambula kumanda likatha, makasu omwewo apitirire kukapala mkwasa kuzungulira kaphiri kapena kumutu kwa mtsinje kumene mudzi wagwirizana kusunga. Moto wa dala uyatsidwe mu Meyi kapena kuciyambi kwa Juni, madzulo mphepo itagona, anthu ali ndi nthambi zaziwisi m'manja. Anyamata a mbewa asathamangitsidwe pa msonkhanowo, pakuti mbewa ndi ndiwo ndipo sadzaleka. Apatsidwe minda yoti aziochamo atalambula m'mbali, ndipo ena a iwo akhale alonda, cifukwa palibe amadziwa mayendedwe a moto kuwaposa. Pamene mafumu athu akupita ku Mkaika kukalamba kwa Gawa kumapeto kwa Ogasiti, udzu umakhala utauma kale ngati pepala, ndipo zokambirana za moto zimakhala zitacedwa.

Mbali yovuta ya msonkhano wa Epulo si ya moto. Ndi ya munthu uja wa ng'ombe 40, amene ngolo yake ndiyo imanyamula odwala kupita ku cipatala, amene amabwereketsa ng'ombe zolimira kwa theka la mudzi, ndipo ndi atsibweni awo a anyakwawa. Wina ayenera kuimirira pabwalo, kuwomba m'manja mwaulemu, ndi kuwauza kuti caka cino ng'ombe zawo zikhala ndi mbusa mpaka mvula itagwa, ndipo zikapezeka m'nkhalango ya mudzi adzalipa monga wina aliyense.